Makina a Mayi Bwalya Agona kwa Ba Jele

Mvula ya sabata ino yatikumbutsanso kuti ku Kanyama madzi salowa m'nyumba ndi odi. Lachiwiri m'mawa mzere wonse wa nyumba zathu unali dziwe. Mwambo wake mumaudziwa: wa nyumba yotsika amakasungitsa matiresi, wailesi ndi thumba la ufa kwa mnzake wa nyumba yokwera, mpaka madzi ataphwa.

Vuto n'lakuti amene amachita lendi nyumba yokwera kuposa zonse pamzere wathu ndi bambo Tembo. Bamboyu anatuluka kundende chaka chatha, atagwira ukaidi chifukwa chothyola golosale. Dzina la Tembo linatsala kundende komweko, kuno aliyense amangoti Ba Jele, kutanthauza a Ndende. Kukasowa ndowa, maso onse amapita pakhomo pawo. Mwini nyumba anali atawauza kale kuti mwezi ukatha asamuke, poti anansi akudandaula. Akudandaula chiyani? Palibe amene anaberedwa kanthu.

Ndiye anthu ankalambalala khonde loumalo, matiresi pamutu, madzi m'mawondo, ulendo wa kutchalitchi kutsidya kwa msewu.

Kenaka ndinaona mayi Bwalya, telala wathu, mayi wamasiye amene akulera ana ndi makina osokera basi. Anasenza makinawo anthu onse akuona, n'kukaima pakhonde la a Tembo.

"Ba Tembo, nisungileniko mashini yanga."

A Tembo anacheuka ngati kumbuyo kwawo kuli Tembo wina. "Ba mayo, simuyopa? Muziba vamene bakamba bantu."

"Niyopa manzi, osati imwe."

Ine mawu amenewa anandilowa mpaka mumtima.

Anthu ophunzira za umbanda amasiyanitsa zinthu zimene ife timaziphika mumphika umodzi. Mlandu ndi kuswa lamulo. Uli ndi khoti, uli ndi chilango, ndipo chilangocho chili ndi tsiku lothera. Koma pali chinanso chimene amachitcha kumata munthu chizindikiro. Apa oweruza ndife, anansi, ndipo khoti lathu silitseka. Munthu analakwa tsiku limodzi, ife tamupatsa dzina loti afe nalo.

Womatidwayo akasowa ganyu, akasowa nyumba, akasowa ngakhale womupatsa moni, mukuganiza kuti amamulandira ndani? Ndi anzake akale aja. Akabwerera kundende, ife timakhala patsogolo kunena kuti tinkadziwa. Tinkadziwa, kapena tinamuperekeza?

Ophunzirawo amanenanso kuti chimene chimatiletsa ambirife kuba si apolisi okha. Kanyama yonseyi, wapolisi mumamuona kangati? Chimatigwira dzanja ndi manyazi, ndi maso a anthu amene amatikhulupirira, ndi kudziwa kuti tili ndi choti tingataye. A Tembo analibe chotaya. Mayi Bwalya anawapatsa, ndipo sanawapatse ndowa yobooka ayi, koma chinthu chimene ana a mayiwo amadyera.

Kodi makinawo akanatha kusowa? Akanatha. Sindikunamizani kuti aliyense wotuluka kundende amatuluka ali mngelo, ndipo mayi Bwalya si mwana. Ankadziwa kuti zikavuta, ife tomwe tidzawaseka mpaka Isitala. N'chifukwa chake ndawavulira chipewa. Kukhululukira pakamwa aliyense amatha, Lamlungu lililonse timachita. Koma kusiya makina n'kubwerera kwanu chimanjamanja, zimenezo n'zina.

Madzi sanaphwebe m'nyumba mwa mayi Bwalya, ndiye akusokera pakhonde pomwepo. Azimayi aja ankalambalala tsopano akukhala pabenchi la a Tembo, kudikira madiresi awo. Mwini nyumba anabwera Lachisanu, anapeza khonde lodzaza, anapereka moni n'kubwerera. Za kusamuka sanazitchule, ngakhale sananenenso kuti zatha. Mwezi sunathe, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

Koma dzulo ndinamva mayi wina akulondolera kasitomala pafoni: "Mufunse chabe pa Ba Tembo, paja pali mashini." A Tembo anali chapomwepo, akukolopa matope pakhonde. Anaimitsa chikolopa pang'ono, kenaka n'kupitiriza.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mawa wotuluka kundende akhoza kukhala mng'ono wanu. Madzi akadzabwera, mungakonde anthu adzadutse pakhomo pake matiresi ali pamutu?