Msilikali Amene Anati Iwe kwa Ambuye

Mlongo wanga wamng'ono anabadwa ndi mphatso ya pakamwa. Tili ana ku Mualadzi, titangobwerako ku Zambia kumene tinathawira nkhondo, ankatsanzira aliyense: akatekista, mayi wogulitsa zitumbuwa, ngakhale njinga yosowa mafuta. Atakula anapita ku Tete, ndipo lero amatsogolera programa ya alimi pa televizau. Ntchito yake ina ndi yolowetsa Chinyanja m'mafilimu akunja, moti nkhope imakhala ya mzungu koma liwu ndi lake.

Chaka china m'Sabata Loyera apadiri anabweretsa filimu ya masautso a Ambuye. Tinaphimba mazenera a kapela ndi zitenje, jeradori ikulira panja. Amayi anakhala kutsogolo, atauziratu mudzi wonse kuti mwana wawo alimo. Ankayembekeza kuti akhala Yohane, kapena Simoni wosenza mtanda uja. Koma liwu lake linatuluka m'kamwa mwa msilikali wamano oola amene ankakwapula Ambuye, likukalipa: "Dzuka iwe! Yenda!"

Amayi ananyamuka n'kutuluka.

Za chikwapu sanadandaule, poti dzanja silinali la mwana wawo. Chinawapweteka chinali mawu amodzi okhawo. "Ine ndinalera mwana woti anene iwe kwa Ambuye? Ngakhale mlendo wopempha madzi timati inu." Kuyambira tsiku limenelo, iye akaimba telefone, amayi ankandipatsira ine. Miyezi iwiri osalankhula naye. Timaphunzitsidwa kuti dzuwa lisatilowere tili okwiya, koma kwathu linalowa kambirimbiri, ine ndikungowerenga korona.

Nthawi yokolola mlongo wangayo anatulukira pa njinga yamoto imene timati mota, fumbi mpaka m'nsidze. Anapeza amayi akutonola chimanga pakhonde, nagwada.

"Amayi, ndabwera."

"Mwafika asilikali? Chikwapu mwasiya kuti?"

"Ndi ntchito chabe, amayi. Wina anayenera kukhala woipa."

"Ukanakhala woipa waulemu."

"Chabwino. Tamverani."

Anaimirira, natulutsa liwu la msilikali lija, koma tsopano akuwomba m'manja monyang'wa: "Pepanitu mfumu, tadzukani. Kodi mwatopa? Tayendani pang'ono inu, mpando wanu takukonzerani kuphiriko."

Ulemu umenewo unalasa kuposa iwe uja, ngati mkanjo wachifumu umene anawaveka Ambuye powaseka. Chitsononkho chinagwa m'manja mwa amayi.

"Leka! Leka, mwana iwe!" anatero. "Bola woyamba uja, anali mbuli chabe yosadziwa chimene ikuchita. Uyu ndiye Satana weniweni."

Kenaka amayi anatambasula dzanja, anamukoka khutu, n'kumusendeza pamphasa.

"Khala apa utonole. Ndipo ulendo wina ukawauze akupatse Petulo. Iye uja analakwa, koma analira."

"Petulo anatenga kale mnzanga, amayi. Kwatsala tambala."

Analira kokoliriko pomwepo, mokweza khosi, mpaka atambala a kwa aneba anamuyankha dzuwa lili paliwombo. Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, dzanja lina litagwira phewa la mwana wawo.

Ine ndinathokoza Mulungu chamumtima, n'kuzungulira kuseri kukagwira nkhuku ya mlendo.