Kagalu ka Mayi Barraza

Nyumba ya Mayi Ofelia Barraza ndi yomaliza mumsewu wawo, kunja kwa mzinda wa Tucson, pomwe tala amathera n'kuyamba khwawa louma. Anaphikira ana a sukulu zaka makumi awiri ndi zisanu, akukuwa tsiku ndi tsiku kuti mawu awo apose phokoso la mbale. Kenako anachitidwa opaleshoni ya pakhosi, mawu aja n'kutsala manong'onong'o. Amuna awo anamwalira kalekale. M'nyumbamo anatsala ndi Canela, kagalu kosaposa mphaka, komwe ankayenda nako m'mawa uliwonse mpaka ku tchalitchi n'kubwerera.

Mu Epulo nkhandwe inaswera ana pansi pa shedi ya nyumba yopanda anthu, moyang'anana ndi geti lawo. Zochita aliyense mumsewumo amazidziwa: ukakumana nayo usathawe, kweza manja, uikuwire mpaka ichite manyazi.

"Ingoitukwanani basi, Mayi Barraza," anatero Bambo Lyle Hutchens, neba wawo, atatsamira mpanda. "Ine ndimaiitana dzina la mlamu wanga, imaliyatsa liwiro."

"Ndi pakhosi pake pati?" ananong'ona mayiwo.

"Ndiye kagalu kanuko kazikhala m'nyumba. Kwa nkhandwe kameneko ndi ndiwo zodziperekeza zokha."

Mayi Barraza anayesa kugwedeza chitini cha timiyala. Masiku atatu nkhandwe inathawa. Lachinayi inangokhala pansi n'kumawayang'ana. Kuti isamapeze chakudya kapena madzi pabwalo, anayamba kutola malalanje akugwa kusanatenthe, kumanga chivundikiro cha bini ndi waya, mbale ya madzi n'kuilowetsa m'khitchini. Koma tsiku lina masanasana anaipeza nkhandweyo itaima pamwamba pa mpanda wa njerwa wa kuseri. Kuyambira pamenepo Canela sankatulukanso panja, ankadzithandizira pa nyuzipepala, n'kumakanda chitseko mpaka penti inasupuka.

Mwana wawo Araceli anabwera kuchokera ku Phoenix Loweruka. Atangolowa anagwira mphuno.

"Amayi, mwezi wathunthu osatuluka? Ndiye kuti nkhandwe ikukuwetani inuyo tsopano."

"Ana ake akakula isamuka."

"Liti? Taonani galuyu, wayamba kudziluma miyendo. Ndipatseni ndipite naye, apo ayi tiyeni nonse."

"Kwanu kuja n'kum'mwamba, m'nyumba yosanja. Kulibe ndi bwalo lomwe."

"Kulibenso nkhandwe."

Mayi Barraza anayang'ana miyendo yonyuka ija nthawi yaitali. Kenako anapinda kabulangeti ka Canela, n'kukanyamula pachifuwa kagaluko mpaka m'galimoto, Bambo Hutchens ataima pamsewu ndi tsache ngati mlonda.

Munthu wamkulu wopanda galu nkhandwe siimulabadira, ndipo Mayi Barraza amadziwa zimenezo. M'mawa amavala nsapato, natsegula geti, naima pamenepo manja ali lendee. Amayang'ana msewu wa ku tchalitchi, kenako shedi ija. Pakapita kanthawi amabwerera. Chitseko amatsegulabe pang'ono pokha, n'kulowa cham'mbali, phazi litatchinga pansi ngati kuti Canela akadali m'nyumbamo.