Maliro a Sichiluma

Ndinadzuka tambala asanalire, msana utauma ndi benchi la pasiwa. Chiperoni chinali chitakuta minda ya tiyi, amayi akulimbana ndi nkhuni zonyowa. Achimwene, kalaliki wa pa esiteti, anali m'bokosi, ndipo amene anasankhidwa kukanena mbiri yawo kumanda ndinali ine, munthu wophunzira kuwerenga pa nyuzi zokulungira usipa.

Chondivuta chinali ichi: achimwene ankatsalira mu ofesi anzawo ataweruka, ndipo m'malaini monse munkamveka manong'onong'o akuti muli mkazi. Akazi awo, alamu anga, ankazimva. Pasiwa sanalire, anangoti ndwii, maso pansi. Nanga ndikanena chiyani chowachotsa manyazi?

Anthu a ku Thekerani ndi kwa Mphuka atadzaza bwalo, minibasi ya ku Limbe inaima pamsewu. Munatsika anthu osawadziwa, aphunzitsi, anamwino, makalaliki, onse akufunsa maliro a Sichiluma. Adzukulu anati kuno kulibe dzina limenelo, akayesere kutsidya. Minibasi inayamba kutembenuka.

Ndinathamanga, nsapato imodzi n'kutsala m'matope. Mawuwo ndinkawadziwa. Tsiku limene achimwene anandikhazika pa kompyuta, ndinaopa kukhudza kachida kaja amati mbewa, ine wodya mbewa zenizeni kuyambira ubwana. Anaseka, amvekere, "Gwira iwe, sichiluma!"

Nditawabweza, alendowo anatifotokozera. Pali gulu la pa imelo limene anthu amadandaulirako pulogalamu ya kompyuta ikawavuta. Achimwene ankayankha aliyense mwaulere, moleza mtima, ndipo yankho lililonse linkatha ndi mawu omwe aja, mpaka mawuwo anasanduka dzina lawo. Nkhope yawo panalibe amene ankaidziwa. Mnzawo wa mu ofesi ndi amene anauza gululo za imfayi.

Popita kumanda, alendowo analanda bokosi. Ankasinthana paphewa m'kanjira ka pakati pa tiyi, akuterereka ndi nsapato za mu ofesi, nyimbo zili pakamwa.

Kumanda mbiri yanga inali yaifupi. Ndinangopempha kuti amene anathandizidwapo ndi malemu akweze dzanja. Manja anati mbwee. Mayi wina wa ku Mzuzu anayang'ana alamu n'kunena kuti, "Mayi, ntchito yanga yonse inafufutika, ndinkalira. Amuna anu anaibweza osandiona n'komwe. Madzulo amene munkawadikira aja, anali nafe. Zikomo potibwereka."

Onong'ona aja anayamba kuyang'ana zala zawo zakumapazi.

Madzulo nyumba inali zii, pabwalo patangotsala phulusa ndi mabenchi. Alamu anakhala pakhonde, ine ndikupala matope pa nsapato yanga ija.

"Alamu," anatero, "ndiye mkazi mnzanga uja anali kompyuta?"

Ndinavomera.

"Munthu uja! Akanangonena, bwenzi ndikumutumizira mbatata ku ofesiko."

Anaseka mpaka kugwira nthiti. Kenaka analira mokweza, koyamba chiyambire maliro, mutu uli m'mwamba.