Mayi Makwinja ndi ulendo wa ku kachisi wa Ahindu

Mayi Doreen Makwinja anafika ku Chisenga, m'boma la Chitipa, ali mtsikana, atangomaliza maphunziro a uphunzitsi. Kwawo kunali ku Limbe. Pa sekondale yoyendera imene anawatumizako, mmunsi mwa mapiri a Mafinga, anawapatsa phunziro la zipembedzo chifukwa aphunzitsi ena ankalikana.

Iwo akadali mwana wa sukulu anapitapo ndi anzawo ku kachisi wa Ahindu. Anavula nsapato pakhomo, wansembe nkuwafotokozera za nyali ndi maluwa, nkuwalola kufunsa chilichonse. Anakula ali Mkhristu wolimbikira, koma tsiku limenelo silinawachoke m'mutu. Ana a ku Chisenga anali asanaonepo Mhindu. Ankangoloweza zimene zalembedwa pa bolodi.

"Madamu, n'zoona kuti amagwadira ng'ombe?" anafunsa tsiku lina Lettie Sichali wa Fomu 3.

"Ndidzakutengani mukawafunse nokha," anayankha Mayi Makwinja.

Kachisi wapafupi amene ankamudziwa anali ku Lilongwe. Wansembe wa kumeneko anavomera pa foni. Ana analima nyemba kuseri kwa makalasi kuti akagulitsa apeze ndalama za basi. Koma pa msonkhano wa makolo, bambo Kayange, mkulu wa mpingo, anaimirira.

"Yewo, amama. Ana mumatiphunzitsira bwino. Koma wanga akalowa m'nyumba ya mafano nkubwerako ndi ziwanda, adzazitulutsa ndinu?"

"Sakukapemphera, bambo. Akukaona ndi kufunsa basi."

"Ife ayi," anatero bambo Kayange, nkukhala pansi.

Makolo onse anagwirizana nawo, ulendo nkulephereka. Nyemba zija anaziphika pa tsiku lotsekera sukulu.

Patapita zaka, makolo angapo analola, koma mvula inawononga msewu ndipo mwini galimoto anakana kubwera. Atakonzanso ulendo, kunagwa mliri wa korona, sukulu nkutsekedwa. Zitatsegulidwa anaimbanso foni ku Lilongwe. Anayankha munthu wina, amene anati wansembe uja anabwerera kwawo ku India, ndipo za ana a ku Chitipa sanamvepo.

Kenako mphunzitsi wamkulu anawaitana mu ofesi.

"Madamu, phunziro lanuli ana sakulisankhanso. Muziphunzitsa Chichewa."

Sanakane. Nthawi imeneyo shuga anali atawagwira, miyendo ikutupa.

Chaka chatha achipatala anawatumiza ku Lilongwe kuti akawaone maso. Potuluka m'chipatala anapempha wa kabaza wa njinga yamoto kuti awadutsitse pa kachisi paja. Anapeza geti lotseka. Mlonda anati abwerenso madzulo, koma basi ya ku Karonga inali itatsala pang'ono kunyamuka. Anasuzumira pa mpanda, nkuona denga lokha.

"Tiyeni ku depoti, achimwene," anamuuza wa kabaza.

Panopa adakali ku Chisenga, akudikira kupuma pa ntchito. Diso limodzi linasiyiratu kuona, ndipo ku Limbe kulibenso wachibale woti angakafikireko.