Dzanja la Usta Shehata

Ine Usta Shehata sindinkamukhulupirira, ndipo sindibisa. Ndi munthu wanji amene ukamupatsa moni amayamba wasuzumira uku ndi uku asanayankhe? M'dera lathu la Shubra lino, kumene dalaivala timamuitana kuti Usta, ndani sadziwa bambo wamfupi uja wa phewa lopendekeka? Ali mnyamata ankagawa buledi panjinga, chithandala pamutu, mpaka galimoto ina inamugunda n'kumuthyola phewalo. Kenako anayendetsa minibasi zaka zambiri, ndipo atatopa ndi kutukwanizana pamsewu anayamba kuphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Iyenso sakhulupirira munthu. Ngakhale tiyi wa pamalo omwe wamwerapo moyo wake wonse amayamba wamununkhiza.

Mwana wanga Hamdi atamwalira anasiya mkazi wake Nermin, ana awiri ndi kagalimoto koyera. Nermin ankafuna kuphunzira kuyendetsa kuti azitengera ana a anthu kusukulu, apezeko chodyetsera ake. Mng'ono wa malemuyo, Medhat, ankafuna kagalimotoko kagulitsidwe. Tinakangana pa chakudya cha Lachisanu mpaka ndiwo yamasamba ya molokhiya inazizira, ndipo mapeto ake Medhat anandisiyira ine nkhaniyo.

"Chabwino Mayi, aphunzire. Koma mukangomva kambiri koipa kamodzi, galimoto ili pamsika."

Nermin anayamba kuphunzira kwa Usta Shehata, ndipo kambiriko sikanachedwe. Mnansi wanga Umm Gaber, amene amadziwa za m'nyumba iliyonse asanachoke pakhonde lake, anandikodola ndikuyanika zovala, akunditchula Hajja monga timalemekezera amayi achikulire kuno.

"Hajja, ine sindilankhula za anthu, Mulungu ndi mboni. Koma dzanja la mphunzitsi uja silichoka pambali pa bondo la mpongozi wanu. Ndipo tsiku lililonse amakaima pamphambano ya kuseri kwa ophika buledi, osasuntha, am'mbuyo akuliza mahutala. Amakambirana chiyani pamenepo?"

Mtima wanga unawawa. Nermin ndimamukonda, komatu utsi sufuka popanda moto. M'mawa mwake ndinavala chovala changa chakuda, n'kutsegula chitseko chakumbuyo cha kagalimotoko, n'kukhala phee, chikwama pamiyendo.

"Mwatilandira bwino, Hajja," anatero Usta akundiyang'ana pagalasi. "Nanunso mukufuna layisensi?"

"Ndikufuna kamphepo. Yendetsani."

Dzanjalo ndinaliona, linalidi pamene Umm Gaber ananena. Linali litagwira buleki ya pamanja, pakati pa mipando iwiri, popeza kagalimoto ka Hamdi kalibe buleki ina ya mphunzitsi. Ndinati mumtima, ochenjera amatero, amakhala ndi chonamizira.

Tinafika pamphambano paja, pomwe kanjira kathu kopanikizika kamatulukira mumsewu waukulu. Tinkakhotera kumanja, komwe ngakhale bulu amakhota osaphunzitsidwa, popeza kuno magalimoto amayenda mbali ya kumanja. Nermin anayang'ana kumanzere kumene magalimoto amachokera, n'kuyamba kusuntha. Usta anakoka buleki, tonse tinagwedezeka.

"Waona chiyani, mwana wanga?"

"Kumanzere kulibe kanthu, Usta."

"Nanga kumanja?"

"Kumanja sikuchokera galimoto."

"Wakuuza ndani? Boma? Boma lili kuti pano?"

Woyendetsa takisi wina mumsewu waukulu anatikodola kuti tilowe. Usta anapukusa mutu.

"Ameneyo usamumvere. Akukupatsa msewu ngati ndi wa bambo ake. Ukagunda munthu sadzabwera kupolisi. Indiketa ya galimoto inanso usaikhulupirire, enawa anaiyatsa chaka chatha."

Tinazungulira n'kubwerera pamphambano pomwepo, kenako kachiwiri, kenako kachitatu. Sabata yonse ndinakhala kumbuyoko, maso anga pa dzanja lija. Silinapite kwina, koma silinachokenso pa bulekipo, ndipo chikaiko changa chinangosintha malo. Ndinayamba kuganiza kuti bamboyu akukokera dala maphunziro, ndipo Medhat madzulo aliwonse ankandifunsa pafoni kuti ndaona chiyani. Ndinamulonjeza yankho Lachisanu.

Lachinayi kunatentha kwambiri. Tinaimanso pamphambano paja, kumbuyo kwathu kuli galimoto ya masilinda a gasi, mwini wake akumenya chitsulo ngati wamisala.

"Iwe mayi, wagula msewuwu? Ngati walephera kaphike nyemba!"

Kumanzere kunali mbee. Magazi anandikwera kumutu.

"Nermin, pita! Tichita manyazi mpaka liti? Ndati pita!"

Chilowereni m'nyumba mwanga mtsikana ameneyu sanandikanirepo kanthu. Ndikati thira mchere, amathira. Ndinamva injini ikukwera. Koma galimoto sinasunthe.

"Dikirani, Mayi," anatero Nermin osanditembenukira. Anasendera kutsogolo, n'kusuzumira kumanja kuseri kwa khoma la ophika buledi.

Pomwepo panatulukira njinga ikubwera mosemphana ndi magalimoto onse, m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Woyendetsa wake anali bambo wa imvi, dzanja limodzi pa chiwongolero, lina litachirikiza chithandala chachitali cha buledi wotentha pamutu. Munthu wosenza chonchija satembenuza khosi, ndipo saima msanga. Anadutsa pafupi kwambiri ndi mphuno ya galimoto moti fungo la buledi linalowa pawindo. Sanatione n'komwe.

Ndinayang'ana pa buleki paja kuti ndione mmene Usta watipulumutsira. Panalibe dzanja. Manja ake onse awiri anali pamiyendo pake, akuwerenga mikanda ya pemphero, ndipo kaya anawachotsa liti ine sindinaone.

"Tsopano khota," anatero. Titalowa mumsewu waukulu anasisita phewa lake lija. "Amene anandigunda ine anali munthu wabwino, Hajja. Anandinyamula yekha kupita nane kuchipatala akulira. Ankangoti, ndinayang'ana, ndinayang'ana. Anayang'anadi, mbali imodzi."

Lachisanu Medhat sanadikire n'komwe kuti tisambe m'manja.

"Ndiye mwaona chiyani, Mayi?"

"Ndaona kuti mkazi wa mkulu wako wasiya kundimvera."

Anamwetulira, n'kuyamba kufufuza nambala ya wogula magalimoto.

"Ika foniyo pansi," ndinatero. "Akanandimvera, lero tikanakhala pamaliro a bambo wa eni ake. Makiyi akhala ndi Nermin."

Umm Gaber akunenabe kuti Usta ali ndi zake, ndipo ine sindinganene kuti bamboyo ndimamukhulupirira kwathunthu. Koma Nermin akamatenga ana m'mawa ndimakhalabe kumbuyo, ndipo tikafika pamphambano paja ndimatseka pakamwa.