Injini imene inkadzuka ndi pemphero

Ansembe a ku mishoni kwathu ku Bembeke atagula galimoto zatsopano, zakale ziwiri anazigulitsa kwa akhristu. Zinali zija zokwera phiri ndi matayala onse anayi, za tenti kumbuyo, zofanana ngati mapasa. Kusiyana kunali pansi pa boneti. Ku fakitale wogula ankasankha yekha injini, ndiye ansembe, poopa kulakwa, anaitanitsa imodzi ya petulo, ina ya dizilo.

Ya petulo anatenga atsibweni anga, ya dizilo inagwera bambo. Onse awiri ankalima mbatata ya kachewere n'kumapita nayo kumsika. Ya atsibweni inkadzuka ukangoikhudza, yofatsa mawu, yaliwiro, ngakhale inkamwa mafuta ngati chidakwa cha pamaliro. Yathu inkagogoda ngati akusinja chimanga m'katimo, utsi wakuda bii, ndipo pachitunda njinga inkatha kuipitirira.

"Alamu, mwagula chigayo," ankatero atsibweni. "Mungochotsa matayala tizigayitsa."

Vuto lenileni linali chisanu. Dizilo sagwirizana ndi mmawa wa ku Dedza. Koma wansembe amene anaigulitsa anawanong'oneza bambo mankhwala ake: kiyi asamamupotokole mpaka kumapeto, azimugwira pakati kuti injini ifunde, anene Tikuoneni Maria katatu, kenako alize. Ikatero inkadzuka ulendo umodzi. Chinsinsichi tinkachidziwa bambo, amayi ndi ine, mwana wawo wamkazi yekhayo.

Masiku amenewo galimoto inali yako pokhapokha chipani chisanaifune. Kukakhala msonkhano waukulu, atcheyamani a nthambi yathu ankabwera ndi anyamata a malaya ofiira kudzabwereka galimoto yonyamula amayi ovina. Ankati kubwereka, koma sindinamvepo wina atakana. Mmawa woyamba umene anafika kwathu, bambo anawalandira ndi manja awiri, nakwera, napotokola kiyi osapemphera. Injini inatsokomola, inabuula, basi zii. Anyamata aja anaikankha mpaka inakatitimira kudambo, malaya awo ofiira atasanduka a matope. Kuyambira tsiku limenelo ankangolunjika kwa atsibweni.

Apa ndi pamene ubwino wa petulo unaonekera. Galimoto ya atsibweni inatumikira dziko mokhulupirika mpaka masipuling'i anathyoka, chitseko chimodzi n'kumamangidwa ndi luzi, kachewere wawo akuwolera m'munda. Za chigayo zija anasiya kuzitchula.

Bodza nalo limafuna kulisamalira. Kuti mbiri ya galimoto yathu isakonzeke, mmawa uliwonse bambo ankaitana anansi kuti aikankhe. Inkatsetsereka mwakachetechete mpaka kuseri kwa mabulugamu, ndipo kumeneko, kopanda maso a anthu, bambo ankapemphera. Mudzi wonse unatuluka thukuta zaka zingapo kukankha galimoto yabwinobwino. Ine ndinkakankha nawo, nkhope ili yachisoni, m'mimba ndikufa ndi kuseka.

Chaka chimene ndinakwatiwa, ukwati unagwera mwezi wozizira, Loweruka, ndipo Lachinayi lotsatira kunali msonkhano. Poona kuti galimoto ya atsibweni yatsala mafupa okhaokha, atcheyamani anabweranso kwathu. Bambo anawauza kuti ulendo uno injini yaferatu, ngakhale kukankha sikuthandiza, akudikira chitsulo chochokera ku Blantyre. Anaiyimika pansi pa mtengo wa pichesi n'kuika miyala kumatayala. Wonditengera ku tchalitchi anali atsibweni.

Loweruka mmawa ndinavala diresi loyera lobwereka kwa mkazi wa aphunzitsi. Anthu anadzaza bwalo, atcheyamani atakhala pampando wabwino, pakuti ukwati wopanda iwo unkaoneka ngati chiwembu. Galimoto ya atsibweni inayenda kuchoka pakhomo pawo mpaka pa nkhokwe yathu, pansi pake panamveka phokoso, ndipo inagwada pomwepo. Ku mishoni kunali kutali, njira yokwera, fumbi lofiira lofika m'akakolo.

"Palibe kanthu, ndiyenda," ndinatero. Ndinkanena zoona, ngakhale misozi inali pafupi. Ndinkadziwa kuti galimoto ija ndiyo inkatidyetsa, komanso kuti kunamiza chipani sinali nkhani yoseka. Anthu ankapita osabwerako pa zifukwa zochepa kuposa imeneyo.

Amayi anagwada n'kuyamba kupinda diresi kuti alimange m'chiuno ndi chitenje. Bambo anayang'ana amayi, anayang'ana mapazi anga m'nsapato zoyera zondithina. Kenako anapita pansi pa pichesi, nachotsa miyala ija umodziumodzi, nakwera.

Ndinaona milomo yawo ikugwedezeka. Ndinapemphera nawo chamumtima, koma ine ndinkapempha kuti isalire. Inalira ulendo umodzi, utsi n'kukuta alendo onse. Amayi ena anayamba nthungululu, koma zinathera panjira. Anansi amene anakankha zaka zonse zija ankangoyang'anana.

Atcheyamani anadzuka, nayandikira pawindo akumwetulira.

"Chitsulo chija chafika msanga, eti?"

"Chafika, atcheyamani."

"Tithokoze. Lachinayi musavutike, tili naye dalaivala wathu."

Ndinapita ku ukwati wanga nditakhala kutsogolo, chigayo chikugogoda, bambo akuyendetsa.

Lachinayi bambo anawalizira injini, achipani n'kuitenga. Pobwerera mafuta anachepa, ndipo dalaivala wawo, mwana wophunzitsidwa pa galimoto ya atsibweni, anathiramo petulo wa mu diramu la chipani. Kwa iye galimoto zofanana kunja zinkamwa zofanana. Inabwera kwathu ikukokedwa ndi ng'ombe. Anaiyimikanso pansi pa pichesi, ndipo ulendo uno miyala sinafunike. Nkhuku zinaikiramo mazira mpaka tenti inatha. Achipani sanawamange bambo, mwina chifukwa atcheyamani anaona kuti chilango chakwana. Kachewere bambo anayamba kupita naye kumsika panjinga, thumba limodzi pa ulendo, ali munthu wa imvi.

Ndinakumana nawo tsiku lina pachitunda cha ku mishoni akukankha njingayo, thukuta lili kamukamu m'chisanu. Ndinagwira kumbuyo kuti ndiwathandize, ndipo ndinawauza kuti bwenzi atangondisiya ndiyende tsiku lija.

Anaima kuti apume, nandiyang'ana.

"Diresi lija unabweza lili loyera?"

"Loyera, bambo."

"Ndiye kankha," anatero. "Iyi ndiye siidzuka ngakhale upemphere."