Zitenje Zotembenuza

Ndikukumbukira fungo la pansi pa mkuyu umene unali kuseri kwa sukulu, m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu wopita ku Kazuni. Linali fungo la nkhuyu zowola, mikodzo ya makanda ndi sopo wochapira. Pamtengo pamenepo ndi pomwe pankachitikira sikelo ya ana. Bambo anga, omwe anali mlangizi wa zaumoyo, ankamanga chingwe panthambi n'kukolekapo sikelo yooneka ngati wotchi yaikulu, ndipo mwana aliyense wa m'deralo analendewerapo atamulowetsa m'kakabudula kabuluu, akulira ngati wawona mfiti. Anthu ankawatchula bambo kuti adokotala. Iwo sankakana.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Boma linatumiza bambo ku Rumphi ine ndisanayambe sukulu, ndiye Chitumbuka ndinachitolera pamasewero a fulaye ndi kumjigo. Amayi anga, a Nachisale, anaphunzira "yewo" ndi "chomene" n'kulekera pomwepo. Ankati mawu awiriwo, zikomo ndi kwambiri, ndi okwanira pamaliro ndi paukwati pomwe.

Vuto la mkuyu uja linali mvula. Sikelo siimira mvula. Mayi amene wayenda kuchokera kutsidya kwa dambo sangabwerere mwana asanayezedwe, ndiye ankangovundikira makanda ndi mabeseni n'kumadikira pamzere, madzi akutsikira m'khosi. Chaka china mwana wa NyaGondwe, mnzawo wa amayi wa pamtima, anagonekedwa kuchipatala ndi chibayo titangochoka pasikelo yonyowa. Atachira, amayi a m'mudzimo anaumba njerwa zomangira nyumba ya sikelo, anaotcha uvuni, amuna awo anamanga makoma mpaka kumtunda. Malata ndiwo anasowa. Nyumbayo inakhala choncho, yoyang'ana kumwamba. Mbuzi zinalowamo osadikira denga.

Ndili Sitandade 5 kunabwera chisankho. Amuna atatu ankafuna uphungu: amene anali phungu kale, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, ndi bambo wina wogula fodya yemwe anali ndi galimoto yoyera. Aliyense ankabwera ndi lole, anyamata a ng'oma ndi mitolo ya zitenje zodinda nkhope. Amayi a m'mudzi ankavina, bwana n'kulankhula, fumbi n'kukhazikika, lole n'kupita. NyaGondwe ankasunga zitenje zonse zitatu m'dengu, ndipo ankadziwa chovala pongomva kulira kwa injini. Ankati sakunamiza munthu, akungopewa kukhumudwitsa alendo.

Iwo omwewo ndiwo anaitanitsa amayi anzawo m'makoma opanda denga muja, atathamangitsa mbuzi. Ine ndinapita nawo chifukwa amayi anga sankapita kulikonse popanda ine. Ndinali pakamwa pawo. Zimene anagwirizana zinali zachilendo: aitane amuna onse atatu tsiku limodzi, tsiku la sikelo, pansi pa mkuyu. Pasakhale kuvina. Pakhale funso.

Apa ndi pomwe zinavuta. Afunse ndani? Phungu anali apongozi ake a uyu. Mphunzitsi anali amalume awo a amuna a uyo. Wogula fodya anakwatira kubanja la NyaGondwe, komanso theka la mudzi linkagulitsa fodya kwa iye. Kumeneko mkamwana, mkazi wokwatiwa m'banjamo, sayang'ana apongozi ake kumaso, akakumana nawo panjira amapatukira kutchire n'kugwada. Ndiye angawafunse bwanji za malata pagulu? Anawerengana onse, mmodzimmodzi, ndipo aliyense anapezeka kuti ali ndi wina pa atatuwo amene sangamuyang'ane. Kenako mitu yonse inatembenukira kwa amayi anga. M'mudzi monse, mlendo yekha ndiye analibe apongozi.

Amayi anandikodola. "Akuti chiyani?"

Ndinawauza. Anatembenukira kwa anzawo n'kunena kuti, "Yewo."

Bambo sanalandire bwino nkhaniyi. Abwana awo ku boma anali atachenjeza kale kuti wantchito aliyense amene dzina lake limveke pa zandale adzanyamula katundu. Ndipo bambo sankafuna kunyamula katundu. Mudzi umenewo unali malo oyamba kumene anadzalako nthochi n'kudyako mkoko wake. Anali atamanga khola la mbuzi, anali ndi dimba la mpiru kudambo, ankaimba besi m'kwaya ngakhale mawu a nyimbo ankangowayerekeza. Tsiku limenelo ankakonza njinga pakhonde, ndipo anayankhula osadzutsa mutu.

"Nachisale, ine ndine wa boma."

"Inu mukayeze ana. Ine ndikafunsa funso limodzi lokha."

"Kale funso limodzi lokha linkasowetsa munthu."

"Kale limenelo tinalivotera kuti lipite," anatero amayi, uku akupeta mpunga.

Bambo anapukusa tayala kwa nthawi yaitali. Pomaliza anangopempha chinthu chimodzi: pasikelo pawo pasaoneke chitenje cha chipani. Chikaoneka, iwo atha.

Pempholi linali lovuta kuposa mmene ankaganizira. Chaka chimenecho pafupifupi chitenje chilichonse chosang'ambika m'mudzimo chinali cha chipani. Ndi zomwe ankaberekera ana, ndi zomwe ankafunda, zina zinali makatani. NyaGondwe ndiwo anapeza nzeru: aliyense avale chitenje chake, koma achitembenuze. Ndiye mmawa wa tsikulo amayi onse anafika atavala kunsi kunja. Nkhope za mabwana zinkaonekabe, koma zotuwa, ngati anthu amene angodzuka kumene pa malungo.

Alendo anafika motsatana. Aliyense anali atauzidwa kuti anzake aitanidwanso, ndipo aliyense anakhulupirira kuti anzakewo sabwera. Anapatsana moni wa nsonga za zala n'kukhala pamipando itatu imene tinabwereka kusukulu. Anyamata a ng'oma anaimika ng'oma zawo n'kudikira kuti wina ayambitse nyimbo. Palibe anayambitsa. Kunkangomveka kulira kwa mwana amene anali pasikelo.

Sindinaonenso msonkhano ngati umenewo. Amayi ambiri anakhala chammbali, ena atafulatiratu, nkhope kuthengo, poopa kuyang'anana ndi apongozi. Bambo nawonso anali atafulatira, maso pa sikelo. Anali ataganiza kuti munthu amene sanaone msonkhano sangauzidwe kuti anali pamsonkhano. Choncho amuna atatu aja, ozolowera nthungululu, anakhala akuyang'ana misana.

Amayi anga anaimirira. Ine ndinayamba kugwada, monga mwana aliyense woleredwa bwino, koma anandigwira paphewa n'kundikokera m'mwamba. Ndinathera pakati, mawondo opindika, osagwada komanso osaima. Ndinkamva fungo la mafuta onunkhira a phungu ndi la ndowe za mbuzi nthawi imodzi.

"Makoma ndi awo," anatero amayi, akuloza ndi dzanja lonse. "Njerwa tinaumba tokha. Sitikufunsa kuti mumatikonda bwanji. Tikufunsa kuti denga likhalapo liti, ndipo likapanda kukhalapo, tikakupezani kuti?"

Alendowo Chichewa ankachimva bwinobwino. Koma agogo ambiri sankachimva, ndipo funsolo linali la mudzi, linayenera kumveka m'chilankhulo cha mudzi. Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Kumbuyo kwanga NyaGondwe, nkhope ili kuthengo, anati chapansipansi, "Yowoya waka, mwana wane." Ankati ndingolankhula, ndiye ndinalankhula. Mawu anga anatuluka ang'ono ngati a nkhuku yonyowa, koma anafika.

Phungu ndiye anayamba kuyankha. Ananena za msewu wa ku Nyika. Ananena za waya wotchinga njovu za ku Vwaza kuti zisamadye chimanga. Ananena za kumene anachokera ndi mavuto amene anakulira. Ali pakati pofotokoza za agogo ake, dontho loyamba linagwera pa jekete yake.

Mvula ya ku Rumphi ya kumapeto kwa dzinja sichenjeza kawiri. Inangokhuthuka. Amayi a makanda anatulutsa mabeseni n'kuvundikira ana monga mwa masiku onse, ndipo palibe anasuntha, poti mzere wa sikelo unali usanathe. Galimoto zinali poteropo, zitseko zosakhoma. Ndinaona phungu akuziyang'ana, kenako akuyang'ana mphunzitsi. Mphunzitsi anayang'ana wogula fodya. Wogula fodya anayang'ana nsapato zake, zomwe zinali zitayamba kudzaza. Aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe kuthawa pamaso pa ovota. Palibe anayamba. Anakhala pamipando ija, manja pamaondo, madzi akuyenderera m'makutu.

Anthu a kumeneko ndi aulemu. Agogo ena anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kutuma mwana akawafunditse alendo, ena n'kutsatira. Palibe anasankha nkhope. Phungu anamaliza msonkhano atafunda kumutu nkhope yotuwa ya wogula fodya.

Nthawi yonseyi bambo sanacheuke. Ana atatha, anayambanso kuyeza amene anawayeza kale. Mwana wa NyaGondwe analendewera kawiri tsiku limenelo, ndipo ulendo wachiwiri analemerako chifukwa cha madzi.

Mvula itakata, onse atatu analonjeza denga, uku mano akugundana. Ponyamuka, phungu anafunsa mokweza, m'Chichewa, kuti mayi wolankhula uja ndi mkazi wa ndani. Mudzi umene unkadziwa ndiwo zimene nyumba iliyonse yadyera dzulo unangoti kakasi, osadziwa. Koma munthu wofuna kudziwa sasowa womuuza. Phungu uja anapambananso. Nyengo yozizira isanathe, bambo anaitanidwa ku boma, ndipo anabwerako ndi nkhani yakuti tikusamukira ku Chiweta.

Tinasiya nthochi zitabereka, zisanakhwime. Mbuzi tinasiyira a kwaya. Tsiku lonyamuka amayi a m'mudzi anabwera palole ndi mtedza, mbatata ndi nkhuku yomanga miyendo. Amayi anga anagwirana manja ndi NyaGondwe nthawi yaitali, kenako anagwiritsa ntchito Chitumbuka chawo chonse kamodzi: "Yewo chomene." Titatsika zitunda zokhotakhota zija, makutu atatseka, bambo anapukuta thukuta n'kunena kuti, "Kuno n'kotentha." Nkhaniyo kunyumba kwathu inathera pomwepo.

Denga linakhalapo, tinamva patapita miyezi. Wogula fodya, ngakhale analuza, anatumiza malata a mbali imodzi kuti anthu azimukumbukira ulendo wina. Phungu atamva anatumiza a mbali inayo mwamsangamsanga, koma aafupi. Mmisiri anayesetsa. Pakati, pamene malata a wina amakumana ndi a mnzake, pamadontha mpaka lero. Bambo sanayezerepo mwana ngakhale mmodzi pansi pa denga limenelo.

Ndikudziwa kuti pamadontha chifukwa ndimakhalapo mwezi ndi mwezi. Boma lili ndi nthabwala zake. Ndinapita kukoleji, ndinatenga satifiketi ya zachitukuko cha m'midzi, yomwe pano ili m'sutikesi pansi pa bedi, ndinakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Dowa, ndipo boma linamutumiza kusukulu ija ya kutsogolo kwa mkuyu. Mwana wathu Tadala pano sanakwanitsebe chaka. Ndine mayi wamantha, sindibisa. Akatsokomola kamodzi ndimakhala nditamanga kale thumba la kuchipatala. Akagona nthawi yaitali ndimamuika chala pamphuno.

Chaka chino kulinso chisankho. Mjigo wa pafupi ndi sikelo unafa kalekale, amayi akutunga kudambo, ana akutsegula m'mimba. Sabata yatha tinakumana, tinagwirizana zoitananso ofuna uphungu, ndipo anayambanso kuwerengana apongozi. Atsikana a masiku ano amati mwambowo unatha, koma phungu akafika mudzawaona akuyang'ana kuthengo. NyaGondwe, omwe tsopano amayendera ndodo, sanawerenge nawo. Anangondiyang'ana, mitu ina yonse n'kutsatira.

Ndinabwera kunyumba. Bambo a Tadala ntchito angoiyamba kumene, ndipo tili ndi dimba lathu kudambo. Nditawauza anati Lachinayi, tsiku la msonkhano, iwo adzakhala m'kalasi, akulemba pabolodi. Ndinaimbira foni bambo anga ku Ntcheu, kumene anapumira, ndipo ndinawafunsa mosazungulira ngati amadandaula za kusamuka kuja. Ndinkamva nkhuku zikulira kumbuyo kwawo.

"Ku Chiweta kunali nsomba," anatero.

Ndinadikira.

"Funso lija linali labwino, mwana wanga. Ndinalimva lonse. Kungoti sindinacheuke."

Zambiri zasintha. Anthu tsopano amakangana za ndale pafoni mpaka batire kutha, koma kuwaitana pansi pa mtengo amati atanganidwa. Zitenje za zipani za masiku ano utoto wake umalowerera mbali zonse, ngakhale utembenuze nkhope imakuyang'anabe, ndiye ndatulutsa changa cha maluwa chimene ndinavala pachinkhoswe. Womasulira sindimufuna. Mantha okha ndiwo sanasinthe, ndi omwe aja a mawondo opindika, kungoti pano ndimawanyamula pamodzi ndi mwana kumsana.

Msonkhano uli mawa, tsiku la sikelo. Ofuna uphungu chaka chino alipo anayi. Masana ano ndinapita ndi Tadala kukasesa m'nyumba muja, ndinabwereka mipando kusukulu, ndipo ndaindandalika bwinobwino pakati penipeni, pamene malata amakumana. Cha ku Nyika kwayamba kuda.